Azakhali, paudala wandichititsa manyazi

Azakhali,
Ndine mtsikana wa ku Kasinje. Mwezi watha ndinaperekeza ukwati wa msuweni wanga pa Ntcheu Boma. Pagalasi ndinkaoneka bwinobwino, koma zithunzi zitatuluka, nkhope inali mbuu, khosi lakuda. Pano ndili ndi mapaudala awiri, wina ndinagula pa Lizulu, wina achimwene anabwera naye kuchokera ku Joni. Ndidzole uti pa chinkhoswe changa?
Wothedwa nzeru, Kasinje

Mwana wa achimwene,
Zithunzizo ndaziona kale m'maganizo. Anzako onse atchena, iwe pakati pawo ngati wangotuluka m'chigayo. Mnyamata amene wazionayo n'kunenabe za chinkhoswe, umugwiritse.

Za ku Joni kapena za pa Lizulu, nkhope sidziwa zimenezo. Tembenuza kabokosiko. Wakumwetulira kutsogoloyo musiye, analipidwa. Kumbuyo kuli timalemba tating'onoting'ono, ndipo chimene chatchulidwa poyamba ndicho chachuluka m'katimo.

Ukapeza silica pamwamba, wapeza amene anakuyalutsa. Iyeyu pomwa mafuta a pankhope ndi katswiri, ndipo pa kutentha kwa kwanu ku Bwanje mu Okutobala amathandizadi. Vuto lake, kamera ikang'anima usiku amabweza kuwala konse, makamaka ukamupaka mokokomeza. Titanium dioxide ndi zinc oxide khalidwe lawo ndi lomwelo. Ifeyo a khungu lakuda tizifuna iron oxides, amene nthawi zina amangolembedwa CI 77491, CI 77492 ndi CI 77499. Umenewo ndi utoto wofiira, wachikasu ndi wakuda, womwe umachititsa paudala kufanana ndi khungu lako. Paudala woyera amene amati alibe mtundu, pa ife mtundu amakhala nawo ndithu.

Nanga talc? Ndi mwala wofewa wopera, wotsika mtengo, wosalala pakhungu. Koma kumene amakumba mwalawu nthawi zina kumapezekanso asbestos, yemwe amayambitsa khansa. Johnson & Johnson anasiya kugulitsa paudala wa ana wa talc padziko lonse mu 2023, ndipo mu 2024 nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa inaika talc m'gulu la zinthu zimene mwina zimayambitsa matendawa. Sindikuti ukuwe. Ndikuti usamapume fumbi lake, ndipo kumalo obisika asafikeko.

M'malo mwa talc, kampani ija inaika chiyani? Chimanga! Ukaona Zea mays starch, ndi chomwecho mumalima kwanucho, angochisefa mwapamwamba. Tsono usathamangire ku lichero la amayi ako, ndikukudziwa iwe. Paudala wa chimangayu amamwa thukuta, koma ukavina ngoma mpaka kunyowa, amaundana m'mbali mwa mphuno.

Mica ndi wonyezimira. Asiyire a ku Tsangano, amene khungu limawauma ndi chisanu. Iwe nkhope yako imanyezimira kale payokha.

Kabokosi kopanda timalemba tija, kapena kolonjeza kuti uyera m'sabata imodzi, kasiye pomwepo. Zoyeretsa khungu zina zimakhala ndi mercury, wowononga impso.

Ndiye madzulo ano dzola wina tsaya ili, wina tsaya linalo, mng'ono wako akujambule ndi foni mumdima, kuwala kuli koyatsa. Tsaya limene lioneke la munthu, paudala wake ndi ameneyo. Uzipaka pang'ono, ndipo khosilo ndi lakonso, usamalimane. Kalata yoitanira kuchinkhoswe sinandipezebe, kapena nayonso ikuchokera ku Joni?

Azakhali ako