Chipangizo choziziritsira mkaka: funsani ngati chimatseguka

Amene mumapanga yogati, chambiko kapena juwisi wa malambe wa m'mabotolo mukudziwa kuti kuwiritsa sikuvuta, chovuta ndi kuziziritsa msanga. Mkaka ukasiyidwa kuti uzizire wokha mumphika, majeremusi amapezanso mpata, mawa lake katundu wasasa. Ndiye bizinesi ikafika malita mazana angapo pa tsiku, ogulitsa zipangizo amayamba kukutchulirani plate heat exchanger.

Chipangizochi ndi timalata topyapyala ta chitsulo chosachita dzimbiri, tamizeremizere ngati malata a denga, tosanjikizidwa n'kupanikizidwa pamodzi. Mkaka umadutsa mpata uwu, madzi otentha kapena ozizira mpata wotsatira, osakumana. Kutentha kokha ndiko kumadutsa m'chitsulo. Anachiyambitsa ndi Richard Seligman wa kampani ya APV ku London mu 1923, ndipo ntchito yake yoyamba inali ya mkaka womwewu. Ndi chimene mafakitale amatenthetsera mkaka pa madigiri 72 kwa masekondi 15, kenako n'kuutsitsa mpaka madigiri 4.

Mtundu umene umakopa ambiri ndi womata, umene azungu amati brazed. Ndi waung'ono, wopepuka, wotsikirapo mtengo, ndipo ulibe labala woti n'kutha. Koma timalata take anatimata ndi kopa m'ng'anjo, moti sungatseguke. Mafuta ndi zotsalira za mkaka zikakakamira m'kati, simungazione, simungazipale. Womatawu ndi wabwino pa makina opangira madzi ozizira, pamene mukudutsa gasi ndi madzi oyera basi. Wina akakutsatsani kuti muzidutsitsamo mkaka, kanani, ngakhale mtengo ukome bwanji.

Wa mkaka ndi juwisi ndi wamagasiketi. Lata lililonse lili ndi labala m'mphepete, ndipo onse amagwidwa ndi mabawuti aataliatali. Mumamasula, kuona lata lililonse, kutsuka n'kubwezera. Malonda akakula mumangoonjezera malata m'malo mogula china. Ndalama yake yobwerezabwereza ili pa labala, amene amauma n'kuyamba kudontha. Musanalipire, funsani kumene labala wa chipangizo chimenecho amapezeka. Wa Alfa Laval salowa pa malata a GEA, ndipo kudikira oda yochokera ku Johannesburg makasitomala akusowa yogati si zocheza. Ine ndingati gulani labala wapadera tsiku lomwelo.

Uliponso wowotcherera, wa mafakitale aakulu ogwiritsa ntchito amoniya ndi mankhwala aukali. Umenewo si wa msinkhu wathu.

Pa kasamalidwe, ambiri amagwa pa zotsukira. Mukamaliza ntchito tsiku lililonse, dutsitsanimo madzi, kenako kositiki soda wosungunula m'madzi otentha kuti achotse mafuta, n'kutsukuluza. Zoyera zolimba zimene mkaka wotentha umasiya zimachoka ndi asidi wa nitric kapena phosphoric, pa mlingo umene wopanga analemba. Asidi wa hydrochloric, amene ena amatsukira matailosi, asayandikire. Jik nayenso asagone m'kati. Zonsezi zili ndi klorini, amene amaboola timabowo tosaoneka ndi maso, madzi akuda n'kumalowa mumkaka inu osadziwa. Madzi amchere amachitanso chimodzimodzi, choncho a ku Chikwawa ndi Nsanje, kumene mijigo ina imatulutsa madzi amchere, funsani malata a chitsulo cha 316, osati 304, ndipo madziwo akayezedwe kaye.

Chomaliza ndi mabawuti. Akaona kudontha, amakaniki ena amangokoka sipanala mpaka malata kupindika. Wopanga aliyense amalemba kutalika kumene mulu wa malata uyenera kukhala ukamangidwa. Yezani ndi tepi mbali zonse, mangani mabawuti mosinthanasinthana, ndipo mukafika pa mlingowo koma kudontha osasiya, vuto ndi labala. Pogula chakale, muuzeni mwiniwake achitsegule inu muli pompo, mutenge lata limodzilimodzi n'kuliunika pa dzuwa.