Mphunzitsi, Tchuthi Chachikulu ndi Ndalama za Sukulu ku Neno

Teremu yachitatu ikatha m'mwezi wa Julaye, mphunzitsi amakhala ndi masabata angapo opumula kufikira Sepitembala. Ambiri a ife timakhala titakonzeratu zochita: kukazonda makolo kumudzi, kufolera nyumba mvula isanadze, kapena kukapikula kachewere kwa Dambe kuti tikagulitse pa Zalewa. Zonsezi nzabwino. Koma nyengo yomweyi ndiyo imene mikangano ya ndalama za sukulu imabuka, pakuti anthu akolola, ntchito ya kumunda yachepa, ndipo misonkhano ya m'midzi imachuluka. Mphunzitsi amene asoŵeka tchuthi chonse amadzapeza zonse zitagamulidwa, kalasi lake litaiŵalika.

Tiyambe taona kumene ndalamazi zimachokera. Mu 1994 boma linathetsa fizi m'sukulu za pulaimale, ndipo chiŵerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Zipinda ndi mabuku sizinachuluke motero, choncho sukulu zambiri zinayamba kupempha makolo ndalama za chitukuko zolipirira alonda ndi kusindikizira mayeso. Kuyambira mu 2010 boma linayambanso kutumiza thandizo lotchedwa SIG ku akaunti ya sukulu, poyamba m'maboma oŵerengeka, kenaka m'dziko lonse. Thandizoli limatsata ndondomeko imene aphunzitsi, komiti ya sukulu, bungwe la makolo ndi aphunzitsi, gulu la amayi ndi mafumu amagwirizana.

Pamenepa ndiye pagona mkangano. Kholo limafunsa kuti, ngati maphunziro ngaulere ndipo boma latumiza ndalama, nanga ife tikusonkheranji? Mphunzitsi wamkulu amayankha kuti thandizolo nlochepa ndipo kaŵirikaŵiri limafika mochedwa. Onse aŵiri akunena zoona. Amfumu afuna nyumba ya mphunzitsi, amayi afuna chimbudzi cha atsikana, ife tifuna choko ndi mabuku.

M'boma la Neno, limene linapatulidwa ku Mwanza mu 2003, mtunda umaonjezera vuto lina. Misewu ya kumapiri monga kwa Dambe ndi ku Nsambe imavuta mvula ikayamba, kotero simenti ndi malata ziyenera kufika chilimwe chisanathe. Thumba la simenti pofika kumeneko limakhala litakwera mtengo kaamba ka ulendo. Tsono kholo lomwe linamva mtengo wa ku Blantyre likaona mtengo wolembedwa m'buku la sukulu limaganiza kuti wina waba, ngakhale pamene palibe waba. Nchifukwa chake lisiti la galimoto yonyamula katundu nlofunika kuliŵerenga pamsonkhano monga momwe tiŵerengera la kusitolo. Sitikunena kuti ndalama za sukulu sizibedwa ai. Tikunena kuti kukayikirana kwambiri kumabadwa pamene ziŵerengero zabisika m'kabati.

Nanga mphunzitsi wa kalasi achitenji? Asananyamuke, alembe zosoŵa za kalasi lake papepala limodzi: ana angati, mabuku a Chicheŵa ndi Masamu angati omwe akadali ndi masamba onse, bolodi lifunika utoto kapena ai, ndi mtengo wa chilichonse. Pepala limodzi apereke kwa mphunzitsi wamkulu, lina asunge. Afunsenso tsiku la msonkhano wokonza ndondomeko, ndipo ulendo wake wa kumudzi aukonze mozungulira tsikulo. Pamsonkhano, mau akuti ana 6 akulimbirana buku limodzi mu Sitandade 2 amamveka kuposa dandaulo lakuti zinthu zavuta.

Akulu amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma mphunzitsi wongotuluka kumene m'koleji asathamangire kumeta nako. Mikangano ina njakale, njapakati pa mabanja kapena midzi, ndipo ndalama za sukulu ndi pongotulukira. Asalole kusunga ndalama zosonkha m'nyumba mwake ngakhale usiku umodzi. Imeneyo ndi ntchito ya msungichuma wa komiti. Asabweze mwana pakhomo la kalasi chifukwa kholo silinasonkhe, pakuti lamulo la maphunziro la 2013 limati mwana aliyense ayenera kuphunzira pulaimale. Akaona zokayikitsa, njira yake ndi ya kwa mphunzitsi wamkulu ndi mlangizi wa maphunziro wa m'zoni, osati ya pamsika.

Masiku ena a tchuthi tiwapatule kukonzekera teremu ngati kuti thandizo lichedwa. Njira ya TALULAR, yogwiritsa ntchito zipangizo zopezeka pamalo, imatipulumutsa pano. Ku Lisungwi ndi ku Matope nthangala za malambe nzosasoŵa zoŵerengera. Kumtunda kuli nsungwi zopangira marula ndi zopachikira matchati. Makatoni a kugolosale amasanduka makadi a malembo. Ana a Sitandade 1 angathe kuphunzira malembo a liwu sabata yoyamba ya teremu, komiti isanamvane za malata.