Kusamalira khungu la mwana wodwala eczema

Mwana akamakanda usiku wonse, makolo ambiri amati chitetezo chake chatsika, n'kuthamangira kukagula mankhwala ochiwonjezera. Ndalama zimenezo zimangopita pachabe. Pa eczema maselo oyera a m'magazi sachepa, koma amalusira zinthu zosavulaza monga fumbi ndi sopo. Maselo otchedwa Th2 amatulutsa zinthu zotchedwa IL-4 ndi IL-13 zotupitsa khungu, komanso IL-31 yoyambitsa kuyabwa. Zomwezi zimafooketsa mphamvu ya khungu yopha tizilombo, n'chifukwa chake bakiteriya wa Staphylococcus aureus amakhazikika pakhungu la odwala ambiri.

Yambani ndi kutseka ming'alu ya pakhungu imene zoputa maselowa zimalowera. Mwanayo musambitseni madzi ofunda pang'ono, osati otentha, ndipo sopo wonunkhira mumusiye. Mpukuteni mosakhula, n'kumudzoza Vaseline kapena emulsifying ointment khungu lisanaumiretu. Teroni kawiri kapena katatu pa tsiku, ngakhale khungu litasalala. Apa m'pamene ambiri amagwa ulesi, makamaka miyezi yozizira ya June ndi July pomwe khungu limauma kwambiri. Aqueous cream musamusiye pakhungu ngati mafuta odzola, amatha kuwonjezera kuyabwa.

Kenako ziziritsani maselo olusawo ndi mankhwala opaka amene dokotala walemba. Kumaso nthawi zambiri amapereka hydrocortisone 1%, pomwe amphamvu ngati betamethasone ndi a malo ena a thupi basi. Muyeso wake ndi uwu: finyirani mankhwala kuchokera kunsonga ya chala cholozera kufika pamfundo yoyamba, amenewo akwanira malo aakulu ngati zikhato ziwiri za munthu wamkulu. Pakhungu lakuda malo odwala sawoneka ofiira, amadera kapena kutuwa, choncho papasani ndi dzanja mupeze pokhakhala. Mafuta oyeretsa khungu a pamsika musayese n'komwe, ambiri amakhala ndi mankhwala amphamvu otchedwa steroid.

Zikhadabo za mwana muziwenga pafupipafupi kuti asadzivulaze pokanda.

Akakuuzani kuti maselo oyera otchedwa eosinophil akwera m'magazi, musachite mantha, zimachitika pa eczema. Komabe pemphani ayezenso chimbudzi ndi mkodzo, poti njoka zam'mimba ndi likodzo nazonso zimawakweza.

Mukaona mafinya kapena nkhanambo zachikasu, ndiye kuti bakiteriya walowa, pitani kuchipatala. Koma timatuza topweteka tofanana kukula, tofalikira msanga, mwana ali wotentha thupi, tingakhale kachilombo ka herpes. Kameneka kamafuna acyclovir tsiku lomwelo, makamaka timatuzato tikayandikira maso.