Ngongole Zikafika M'khosi

Ku Mzimba kuno ngongole zambiri zimabadwa pakati pa Novembala ndi Febuluwale: ya feteleza, ya fizi, ya chimanga nkhokwe ikauma, ndi ya thiransipoti ya mnyamata wopita ku Joni. Ochita geni ena anagwa mu Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, pamene mpamba woodera katundu kunja unachepa mphamvu usiku umodzi koma ngongole n'kukhala ili pomwepo. Ngongole imodzi munthu amaisenza. Zimavuta tsiku limene wakongola kwa wakatapila kuti akabweze ku banki m'khonde, kenako n'kutenganso kangongole ka pafoni kuti akatonthoze wakatapila uja. Ngati mwafika pamenepa, lekani kukongola lero lomwe, ngakhale kwa mlamu wanu.

Madzulo ano tengani kope la sukulu, mukhale pansi ndi akazi anu kapena amuna anu. Lembani aliyense amene muli naye ngongole, ndalama imene munatenga, imene mwabweza kale, chiwongoladzanja chake, chimene munapereka ngati chikole, ndi tsiku limene munalonjeza. Musadumphe ya pagolosale kapena ya mbale wanu. Ngati bambo ali ku Johannesburg ndipo mayi ali ku Embangweni kapena ku Edingeni, jambulani tsambalo mutumizirane pa WhatsApp. M'mabanja ambiri aliyense amabisa ngongole yake, ndipo ndalama yobwera pa Mukuru imathera kutseka dzenje limene wotumizayo sakulidziwa n'komwe.

Mukalemba muona kuti ngongolezi sizikula mofanana. Titenge K100,000 ya katapila wa 50 peresenti pa mwezi, amene amawonjezera chiwongoladzanja pamwamba pa chinzake. Mwezi woyamba ndi K150,000, wachiwiri K225,000, wachitatu K337,500. Palibe tomato wa pa Jenda amene angapindule mofulumira chotero. Choncho ndalama ikapezeka, patulani kaye ya chakudya, mbewu ndi mankhwala, popeza wanjala salima ndipo wosalima sabweza. Yotsalayo ipite ku ngongole yomwe ikukula msanga, kenako ku imene munaikira chikole chinthu chimene chimakudyetsani. Achibale angadikire, koma auzeni pakamwa kuti adikira mpaka liti.

Banki m'khonde ndiyofunika kuisamala mwapadera. Ndalama ya m'bokosi la gululo ndi ya amayi anzanu amene mumatunga nawo madzi pamjigo umodzi, ndipo akuiyembekezera tsiku logawana. Musajombe kumsonkhano chifukwa cha manyazi. Pitani, nenani zoona, pemphani kuti masheya anu adulidwe ku ngongoleyo ndipo yotsala muzibweza pang'onopang'ono. Gulu limapsa mtima kwambiri ndi munthu wozemba kusiyana ndi wobwera ndi K5,000 m'manja.

Kwa wakatapila musapite nokha. Tengani mboni yaulemu wake, kaya afumu, nduna yawo kapena mkulu wa mpingo. Mawu anu asachuluke: “Ndalama yanu ndikuivomera, sindikuthawa. Ndingathe K20,000 pa mwezi, ndipo ndikagulitsa soya ndidzawonjezera. Koma chiwongoladzanja chiime lero.” Tchulani ndalama imene mungaikwanitse ngakhale mwezi woipa, lonjezo lalikulu losweka limaononga zonse. Mukamvana lembani pepala, musaine nonse pamodzi ndi mboni, aliyense asunge lake. Pobweza paliponse lembetsani, ndipo ngati mwatumiza pa Airtel Money kapena TNM Mpamba musafufute uthengawo.

Anthu ambiri amalola kuponderezedwa chifukwa sadziwa kuti malamulo amawaikira kumbuyo. Gawo 19 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kutsekera munthu m'ndende chifukwa chongolephera kukwaniritsa pangano ngati la ngongole. Kukongola mwachinyengo ndi mlandu wina, koma kulephera kubweza ndi nkhani yokambirana kapena yokaweruzidwa ku khoti. Palinso lamulo lotchedwa Loans Recovery Act, limene limapatsa khoti mphamvu younikanso pangano la ngongole ngati chiwongoladzanja chili chonyanyira ndi chankhanza, n'kuchepetsa zimene wokongola ayenera kulipira. Ndipo wokongoza sangangofika ndi anyamata ake n'kuyamba kuzula malata kapena kutsegula khola. Kulanda katundu pa ngongole yotere ndi ntchito ya masherifu atatenga chilolezo cha khoti. Aphunzitsi ndi ena olandira malipiro kubanki, musasiye khadi lanu la ATM ndi nambala yake yachinsinsi m'manja mwa wokongoza. Ngati munasiya kale, pitani kubanki mukalitseketse, kenako mukakambirane za kabwezedwe muli ndi mboni.

Chisamani chikabwera, musachibise pansi pa matiresi. Mukapanda kupita, khoti likhoza kugamula inu kulibe. Pitani ku khoti la majisitireti pa Boma ndi kope lanu lija ndi mapepala onse, mufotokoze zimene mumapeza pa mwezi, mupemphe kubweza pang'onopang'ono. Amene sangathe kulipira loya akafunse thandizo ku Legal Aid Bureau, imene ili ndi ofesi ku Mzuzu. Ngati ngongole ndi ya banki, SACCO kapena bungwe lokongoza lovomerezeka, lembani kalata yopempha kusintha kabwezedwe musanaphonye miyezi yambiri, chifukwa dzina la wolephera kubweza limakafika ku mabungwe osunga mbiri ya okongola ndipo mawa makomo ena amatsekeka. Mukaona kuti akudulani zosamveka ndipo sakukuyankhani, dandaulo limapita ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira mabungwe amenewa.

Pa zogulitsa ndipamene mtima umawawa. Ine ndimati ndi bwino kugulitsa ng'ombe imodzi nokha, pa mtengo wokambirana, kusiyana ndi kudikira kuti katundu akagulitsidwe motchipa ndi masherifu, ndalama za ulendo wawo n'kuwonjezedwanso pa inu. Koma kuno ng'ombe zambiri si za munthu mmodzi. Zina zinabwera ndi malowolo a mlongo wanu, zina zikudikira malowolo a mng'ono wanu. Itanani akuluakulu a pabanja musanatsegule khola. Yambani ndi zimene sizibweretsa ndalama, monga foni yodula kapena TV. Ng'ombe zapagoli, ngolo, makina osokera ndi njinga ya kabaza zikhale zomalizira. Munda ndi dimba musaziike chikole n'komwe, ndipo musagulitse chimanga chili m'munda kwa mavenda mu Febuluwale, chifukwa mudzachigulanso modula chaka chisanathe.

Nanga zoti khoti limugamule munthu kuti ndi wolephereratu kubweza ngongole? Njirayi ilipo, pansi pa lamulo la Insolvency Act la 2016, ndipo imadzera ku Khoti Lalikulu. Loyandikira kwa ife lili ku Mzuzu. Katundu wa munthuyo amaikidwa m'manja mwa woyang'anira, amagulitsidwa, ndalama n'kugawidwa kwa okongoza. Mpaka khoti litamumasula, pali zina zimene saloledwa, monga kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo. Kwa mwini shopu kapena malole amene ali ndi ngongole za mamiliyoni m'mabanki angapo, n'koyenera kukambirana ndi loya. Kwa banja la ku Khosolo kapena ku Luwerezi limene lili ndi ngongole ya K400,000, njirayi ndi yaitali ndi yodula; pepala losainirana pamaso pa mboni lingathandize msanga.

Kuthawira ku Joni usiku sikufafaniza kalikonse. Ngongole imatsalira mayi ndi ana, kapena mnzanu amene anakusainirani, ndipo ulendowo ukakhala wapangongole mwawonjeza ina. Wopita apite atasiya pangano lolembedwa la ndalama imene azitumiza.

Pali chinanso chimene sindingachisiye. Apolisi akamalengeza za anthu odzipha, ngongole imatchulidwa kawirikawiri, ndipo ambiri mwa iwo ndi abambo. Mukaona mwamuna wanu sakugona, wasiya kudya, akugawa zinthu zake kapena akunena kuti “muzitsala bwino”, musamusiye yekha. Chotsani m'nyumba mankhwala a mbewu ndi a fodya, mufunseni mosabisa zimene akuganiza, ndipo tsiku lomwelo mupite naye ku chipatala cha boma pa Mzimba, ku Embangweni, kapena ku St John of God ku Mzuzu kumene kuli aphungu a za maganizo.