Kompyuta Ikakana Kuyaka Mutangoika Windows, Musathamangire Kufomata

Munthu akamaliza kuika Windows kapena Ubuntu, kompyuta n'kulemba kuti "No bootable device" pa sikirini yakuda, chimene ambiri amachita ndi kubayanso fulashi n'kuyambiranso kufomata. Kumeneko n'kugwetsa nyumba chifukwa kiyi wakana kutsegula chitseko. Nthawi zambiri mafayilo amakhala atalowa bwinobwino, koma BIOS, kapulogalamu kamene kamayamba kudzuka mukadina batani loyatsira, sikakugwirizana ndi mmene disiki yakonzedwera. Kufomata sikusintha chilichonse mu BIOS, n'chifukwa chake vutolo limabwereranso. Nzeru ndi kufufuza motsata njira imene kompyutayo imadutsa ikamayaka.

Yambani ndi kuzula fulashi, kenako lowani mu BIOS: pa Dell dinani F2, pa HP F10, pa makompyuta ambiri a patebulo Delete. Funso loyamba n'lakuti, kodi dzina la disiki likuoneka? Ngati silikuoneka, Windows ilibe mlandu. Zimitsani, zulani kumagetsi, muone ngati zingwe ziwiri za SATA zagwira, kapena ngati kadisiki ka M.2 kalowa mpaka kumapeto. Yang'ananinso tsiku. Likabwerera zaka zambiri m'mbuyo, ndiye kuti kabatire ka CR2032 katha, ndipo kompyuta ikuiwala zonse zimene mwasintha mukangoizula kumagetsi. Zimenezi n'zofala pa makompyuta ogula atagwira kale ntchito kwina. Disiki ikaoneka, ikani Windows Boot Manager pamwamba pa mndandanda wa zoyatsira.

Zikakanabe, mwafika pamene pagona nkhani. Kompyuta imayaka m'njira ziwiri. Yakale imatchedwa Legacy kapena CSM, ndipo imayenda ndi disiki ya MBR. Yatsopano ndi UEFI, imene imafuna disiki ya GPT yokhala ndi kagawo kakang'ono ka FAT32 kosungira mafayilo oyatsira. Windows yoikidwa m'njira imodzi siyaka m'njira inayo, ngakhale zonse zili m'malo mwake. Kuti mudziwe disiki yanu, yatsirani pa fulashi ya Windows, dinani Shift ndi F10 pamodzi, lembani diskpart, kenako list disk. Kanyenyezi kakaoneka pansi pa mawu akuti Gpt, sankhani UEFI mu BIOS. Kakapanda kuoneka, sankhani Legacy. Amene akufuna Windows 11 adziwe kuti imafuna UEFI, koma ngakhale apa kufufuta sikofunika: kuyambira 2017 Windows 10 ili ndi lamulo la mbr2gpt losinthira disiki ya MBR kukhala ya GPT mafayilo ali momwemo.

Chinanso choyang'ana mu BIOS ndi SATA mode. Windows ikayamba kuyaka n'kugwera pa sikirini yolembedwa INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE, kawirikawiri inaikidwa pa AHCI ndipo BIOS yabwerera pa RAID, kapena zatembenuka. Bwezerani mmene zinalili poika. Pa malaputopu atsopano a Intel, pulogalamu yoikira Windows imatha kunena kuti palibe disiki iliyonse chifukwa cha VMD. Koperani dalaiva wa Intel RST pa fulashi, mumulowetse kudzera pa Load driver. Ubuntu nayo imakana disiki ya pa RST mpaka mutasintha kupita pa AHCI. Zonsezi zikakhala bwino, m'pamene mungakonze mafayilo oyatsira ndi Startup Repair kapena lamulo la bcdboot C:\Windows, mutatsimikiza kaye kuti Windows ilidi pa C, pakuti zilembo zimasinthana mukayatsira pa fulashi. A Linux agwiritse ntchito Boot-Repair kubwezeretsa GRUB.

Ena anena kuti kuikanso Windows n'kwachangu kuposa kufufuza konseku. Akunena zoona ngati magetsi anazima pakati pa ntchito kapena fulashi inali yowonongeka, disikiyo n'kukhala yopanda kanthu. Koma disiki yokhala ndi zithunzi za banja ndi mabuku a bizinesi siyenera kuikidwa pachiswe chifukwa cha mzere umodzi wa mu BIOS, ndipo zinthu za mu BIOS zimene tatchulazi zimaonedwa m'mphindi zochepa. Enanso amaopa kulowa mu BIOS kuti angawononge makina. Manthawo ndi omveka, ndipo yankho lake n'kujambula tsamba lililonse ndi foni musanakhudze kanthu, n'kumasintha chinthu chimodzi pa nthawi. Chenjezo lenileni lili pa BitLocker: disiki ikakhala yokiyidwa nayo, kusintha Secure Boot kungachititse kuti ifune kiyi wa manambala 48, choncho mupezeretu mu akaunti yanu ya Microsoft.

Koma disiki ikamaoneka lero n'kusowa mawa, kapena ikamalira tiki-tiki mkati, siyani zokonzakonza. Yatsirani pa fulashi ya Ubuntu osaiika, koperani mafayilo anu pa disiki ina nthawi yomweyo, mukagule yatsopano.