Azakhali: Kompyuta ya amalume ikukana nyimbo

Azakhali, malemu amalume anandisiyira kompyuta yawo ya 386, ya hadi disiki ya 40 MB basi. Ndimafuna kusungamo nyimbo zonse zimene ankakonda, koma ikungoti malo atha. Ndiitaye?

Mwana wanga, uitayirenji? Yalakwanji nkhalambayo? Wolakwa ndiwe, amene ukufuna kukhuthulira thumba lonse la ufa m'kambale ka ndiwo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Tawerengera wekha. Nyimbo yochokera pa CD imadya pafupifupi 10 MB pa mphindi iliyonse, ndiye imodzi yokha ya mphindi 4 yatseka kale disiki yonseyo. Ukati uichepetse ikhale MP3, ibwera pa 4 MB, koma usavine msanga: 386 ilibe mphamvu zoimbira MP3, izingochita chibwibwi mpaka iwe kupsa mtima.

Ndikudziwa kuti chikukuwawa si disikiyo ayi. Wawasowa amalume ako, ndipo ukufuna kuti chipinda chimvekenso ngati alipo. Palibe chamanyazi pamenepo, lira ndithu. Ukatha upukute misozi undimvere.

Anthu a nthawi imeneyo sanali opusa. Pa kompyuta sankasunga nyimbo yojambulidwa, ankasunga malangizo a kaimbidwe kake, kompyuta nkumaimba yokha. Ndiwo mafayilo a MIDI, timafayilo tating'ono kwambiri moti pa disiketi imodzi ya 1.44 MB timakwana tambirimbiri. Palinso a MOD, amene anayambira pa makompyuta a Amiga mu 1987, Karsten Obarski atapanga pulogalamu ya Ultimate Soundtracker. Amenewa amatenga tizidutswa ta kulira kwa ng'oma kapena gitala nkumatibwereza mokweza ndi motsitsa. Kompyuta yakoyo ikakhala ndi khadi ya Sound Blaster, iwaimba bwinobwino. Kungoti usayembekezere kumva mawu a woimba uja amalume ankamukonda, ndipo gitala wa MIDI nthawi zina amalira mochititsa manyazi. Walira mvula walira matope.

Nyimbo zenizenizo uziike pa foni ndi pa fulashi, malo awiri osiyana. Madisiketi akale amachita nkhungu, ndipo hadi disiki ya zaka zoposa 30 ikhoza kufa tsiku lililonse osatsanzika. Usanaikemo chilichonse, yamba wakopera zimene amalume anasiyamo, sabata ino isanathe.