Musanalole Kompyuta Kuchita Update

Mwayatsa laputopu madzulo, uthenga wa update watulukira, mwavomera n'kupita kukapala moto. Pobwerako magetsi athima, batire nayo yatha. M'mawa kompyuta ikungoyaka n'kuzimanso, kapena ikuonetsa sikirini ya buluu. Chachitika n'choti Windows imachotsa mafayilo ake akale n'kumaikamo atsopano, ndiye ntchitoyo yalekezera panjira. Zoterezi zimapeweka.

1. Yambani mwakopera zanu. Makalata, zithunzi, ntchito ya kusukulu, zonse zilowe pa fulashi kapena pa hadi disiki yakunja, kenako muizule. Musati mwina n'kuchulutsa mantha. Mu October 2018, kampani ya Microsoft inaimitsa update ya Windows 10 yotchedwa 1809 patangopita masiku ochepa, anthu ena atapeza kuti mafayilo awo a mu Documents asowa. Inadzatulutsidwanso mu November.

2. Onetsetsani za magetsi. Laputopu ikhale pa chaja, batire itadzaza. Ngati ndi kompyuta yapatebulo yopanda UPS, dikirani nthawi imene mukudziwa kuti magetsi akhalitsa. Bandulo ikathera pakati pokopera update musadandaule, mukagula ina idzapitirira pomwe inalekezera. Poopsa ndi pamene kompyuta yayambiranso n'kulemba kuti musaizimitse. Nambala ya maperesenti pa sikirini ikhoza kuima malo amodzi mpaka mtima kuyamba kukuuzani kuti yafa. Musakhudze batani.

3. Update muziitenga mu Settings, pa Windows Update. Zotulukira pa intaneti zokuuzani kuti dinani apa zisiyeni.

4. Pangani restore point. Lembani "Create a restore point" posakira, muyatse System Protection chifukwa m'makompyuta ambiri imakhala yozimitsa, kenako dinani Create. Restore point imabwezeretsa mafayilo a Windows, osati makalata anu.

5. Apa ndi pamene ambiri timadzipweteka tokha. Update yaikulu ikatha, malo pa disiki amachepa, ndipo munthu akamafufuza choti afufute amapeza foda ya Windows.old, yonenepa magigabaiti ambirimbiri. Imeneyo si zinyalala. Ndi Windows yanu yakale, ndipo ndi imene imakulolani kubwerera m'mbuyo ngati yatsopanoyo ikuvuta. Mwayiwu umakhala wa masiku 10, kenako kompyuta imaichotsa yokha. Ilekeni mpaka mutaona kuti pulinta, Wi-Fi ndi mawu zikugwira. Mafoda a System32 ndi WinSxS ndiye musawayandikire n'komwe, ngakhale mnzanu atalumbira kuti kwake anafufuta ndipo zinayenda. Zimandimvetsa chisoni kuona munthu akutaya kompyuta yabwinobwino pofuna malo oika mafilimu.

6. Ngati kompyuta ikuyaka koma ikuchita zachilendo, tsegulani Command Prompt ngati administrator, mulembe DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth muli pa intaneti. Ikamaliza lembani sfc /scannow. Lamulo lachiwirili limayendera mafayilo a Windows n'kubwezeretsa owonongeka kapena osowa.

7. Ikakanika kuyaka kangapo, Windows imatsegula yokha tsamba lokonzera. Pitani pa Troubleshoot, kenako Advanced options, muyese Startup Repair kapena Uninstall Updates. Zikakanikabe, pitani nayo kwa wokonza, koma musangoisiya pa kauntala. Muuzeni kuti, "Achimwene, muyambe mwanditulutsira mafayilo anga musanaifomate." Nthawi zambiri mafayilowo amakhala adakalimo mu disiki, ndipo mukawaone ndi maso anu pa fulashi asanayambe ntchito.